Kumene kampani yongoyamba kumene imapeza anthu ake oyamba

Ndine mmodzi mwa anthu amene amayang'anira gulu la WhatsApp la alimi, ogula mbewu ndi eni magalimoto a m'boma lino la Kasungu. Ntchito yaikulu ya gululi ndi kuuzana mitengo ya soya, mtedza ndi chimanga m'misika ya ku Santhe, Chinkhoma, Chamama, Nkhamenya ndi pa boma pano. Chifukwa cha udindo umenewu, ndimalandira mauthenga ochokera kwa achinyamata amene ayambitsa timakampani ta luso lamakono, ndipo pempho lawo limakhala limodzimodzi, lakuti tiwalole kulengeza pulogalamu yawo ya pafoni m'gulu mwathu. Ambiri amakhala atagwira ntchito molimbika, ena ataphunzira kulemba mapulogalamu m'makoleji kapena kumalo ngati mHub ku Lilongwe, ndipo chimene apangacho chimayenda bwino. Chimene amasowa ndi anthu ochigwiritsa ntchito. Zimene ndaona kwa achinyamata amenewa, pamodzi ndi zimene ndawerenga za chiyambi cha makampani amene lero ndi akuluakulu, zandifikitsa pa maganizo akuti anthu oyamba amapezeka m'kagulu kochepa ka anthu amene anasonkhana kale chifukwa cha vuto limodzi, ndipo amapezedwa ndi munthu amene wakhala wothandiza m'kagulumo anzake asanadziwe n'komwe kuti ali ndi malonda.

Kupeza anthu oyamba n'kovuta mwanjira yakeyake. Kampani imene ili ndi makasitomala kale imatha kuloza anthu amene akhutira nayo, imadziwa kumene iwo anachokera, ndipo ili ndi ndalama zolengezera malonda pa wayilesi. Imene yangoyamba ilibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo choipitsitsa n'chakuti mapulogalamu ambiri a masiku ano sathandiza munthu ngati mulibe anthu ena. Pulogalamu yolumikiza mlimi ndi wogula ilibe phindu kwa mlimi ngati mulibe wogula, ndipo wogula akatsegula n'kupeza kuti mulibe ngakhale thumba limodzi logulitsa, amatseka osabweranso. Wolowa koyamba ndiye amalandira chinthu choperewera kuposa onse obwera pambuyo pake, komabe ndi yemweyo amene akufunika kwambiri. Munthu amavomera kukhala woyamba pa zifukwa ziwiri zokha zimene ine ndaziona: mwina amakhulupirira amene wamuitanayo, kapena akuona kuti anzake owadziwa akulowa nthawi yomweyo. Zonse ziwiri zimapezeka m'gulu la anthu odziwana, ndipo sizigulidwa ndi chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa M1.

Facebook aliyense amaidziwa, koma ambiri amaiwala kuchepa kwake pachiyambi. Pamene Mark Zuckerberg ndi anzake anaitsegula mu February 2004, ololedwa kulowa anali ophunzira a pa yunivesite ya Harvard okha, ndipo mwezi woyamba usanathe oposa theka la ophunzira a digiri yoyamba anali atalembetsa. Kenako inafika ku Columbia, Stanford ndi Yale, ndipo inatsegulidwa kwa aliyense mu September 2006. Kutsekera ena kunja kumeneku ndiko kunaipatsa moyo, chifukwa wophunzira akalowa ankapezamo mnzake wogona naye chipinda chimodzi ndi wina wokhala naye m'kalasi. Achinyamata athu, m'malo mwake, amalemba tsiku loyamba lomwelo kuti pulogalamu yawo ndi ya alimi onse a m'Malawi, ndipo amasangalala akapeza munthu mmodzi ku Nsanje, wina ku Karonga, wina ku Mchinji, anthu amene sangagulane mbewu ngakhale atafuna. Ine ndimawauza kuti asankhe EPA imodzi (dera limodzi la alangizi a zaulimi), kaya ndi ya Chulu kapena ya Santhe, n'kuidzaza kaye. Boma la Kasungu lokha linali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo kampani ya anthu awiri ndi laputopu imodzi singathe kutumikira bwino ngakhale kachigawo kochepa ka anthu amenewa.

Nkhani ya Dropbox imandiphunzitsa china chimene ndimachiona kukhala chachikulu koposa. Drew Houston ankapanga njira yosungira mafayilo pa intaneti kuti munthu aziwapeza pa kompyuta iliyonse popanda kuyenda ndi fulashi. Mu April 2007, pulogalamu isanatsegulidwe kwa anthu, anaika vidiyo yaifupi yoonetsa m'mene imagwirira ntchito pa Hacker News, malo amene olemba mapulogalamu amakambiranako nkhani zawo. Ena anayamikira, ena anamutsutsa poyera kuti munthu wodziwa kompyuta angathe kudzipangira yekha chinthu chotero, ndipo iye anayankha mafunsowo modekha pamaso pa onse. Mu 2008 anaika vidiyo ina pa Digg, tsamba lina limene anthu ankagawanapo nkhani za pa intaneti, ndipo m'kati mwake anabisamo nthabwala zimene ndi anthu a pamalopo okha amene akanazimva. Malinga ndi m'mene iye mwini amafotokozera, odikira kuti ayese pulogalamuyo anakwera kuchoka pa 5,000 kufika pa 75,000 usiku umodzi. Chiwerengerocho n'chimene anthu amakonda kubwereza, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi nthabwala zija. Zinauza oonera kuti wolankhulayo ndi mnzawo, amene wakhala pakati pawo nthawi yokwanira kudziwa zimene amaseka. Munthu sangabwereke zimenezi sabata imene akufuna kulengeza malonda.

M'gulu mwathu chilankhulo chotero chiliponso, ngakhale kuti si cha nthabwala za pakompyuta. Munthu amene amadziwa kusiyana kwa mtengo wa mtedza wosenda ndi wamakoko, amene amadziwa kuti boma likalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu mavenda ena amagulabe motsika m'midzi yakutali ndi msewu, amene amafunsa ngati sikelo ili ndi chidindo cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards asanafunse za mtengo, ameneyo amamveka kuti ndi wa kuno ngakhale atalemba mawu atatu okha. Koma uthenga umene timalandira kawirikawiri umabwera m'Chingerezi chosalala, uli ndi chithunzi cha mlimi wa dziko lina akumwetulira m'munda wothirira ndi makina, ndipo pansi pake pali linki ndi lamulo lakuti dinani apa. Uthenga wotere sukhala m'gulu mpaka madzulo.

Tikauchotsa, mwini wake amaganiza kuti ndi nsanje kapena kusadziwa zinthu zamakono, pamene zifukwa zake n'zooneka ndi maso. Choyamba ndi mantha, ndipo ndi mantha oyenera. Palibe munthu wokhala ndi foni m'dziko muno amene sanalandirepo uthenga wakuti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina, kapena wakuti wapambana mphoto pa mpikisano umene sanalowe, ndipo m'magulu mumadutsa malinki olonjeza ntchito, ngongole kapena feteleza waulere amene cholinga chake ndi kuba. Linki yochokera kwa munthu wosadziwika imaikidwa m'gulu la zinthu zomwezo isanatsegulidwe. Chachiwiri ndi bandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha chifukwa ndiyo yotchipa, choncho linki yopita kutsamba lina siitseguka n'komwe, kapena imadya mayunitsi amene munthu amasungira kuimbira foni. Chachitatu ndi foni yeniyeniyo, imene malo ake anadzaza kale ndi zithunzi ndi nyimbo, moti kuikamo pulogalamu yatsopano kumafuna kufufuta china chimene mwini wake amachikonda. Anthu a ku Harvard ndi a pa Digg analibe mavuto amenewa, ndipo n'chifukwa chake nkhani zawo ziyenera kuwerengedwa mosamala ndi munthu wokhala ku Kasungu. Mfundo yake imagwira ntchito kuno, koma kachitidwe kake sikangakoperedwe m'mene kalili.

Mnyamata wina amene anachita mosiyana ndi anzake ndimamukumbukira bwino. Maganizo ake anali olumikiza alimi ndi magalimoto amene amapita ku Lilongwe kapena kubwerako opanda katundu wokwanira, kuti mlimi alipire zochepa ndipo mwini galimoto asawotche mafuta pachabe. Anapempha kulowa m'gulu ngati wina aliyense, ndipo kwa nthawi ndithu sanatchule za pulogalamu. Chimene ankachita m'mawa uliwonse chinali kuimbira madalaivala amene ankawadziwa, kenako n'kulemba m'gulu m'Chichewa chachidule kuti galimoto ya matani akutiakuti inyamuka pa boma mawa kupita ku Kanengo ndipo ili ndi malo a matumba angapo. Sankalipiritsa aliyense. Pasanapite nthawi anthu anayamba kumufunsa okha: "Achimwene, ndili ndi matumba 40 a soya kuno ku Chamama, kodi pali yopita ku Lilongwe Lachinayi?" Iye ankayankha, nthawi zina ndi uthenga wa mawu chifukwa anazindikira kuti akuluakulu ambiri amamvetsera mosavuta kuposa kuwerenga, ndipo katundu akafika ankafunsa m'gulu momwemo ngati zonse zayenda bwino. Mayankho a alimiwo, olembedwa pamaso pa anthu mazana angapo, ndiwo anakhala malonda ake.

Phindu lalikulu la nthawi imeneyi silinali kutchuka kwake, koma zimene anaphunzira. Pulogalamu imene anali atalemba kale inaika patsogolo kupikisana kwa mitengo, poganiza kuti mlimi amafuna galimoto yotchipa kuposa zonse. M'gulu anapeza kuti nkhawa ya mlimi ndi yakuti kodi dalaivala abweradi tsiku limene walonjeza, kodi onyamula matumba adzawalipira ndani, ndipo thumba likasowa panjira mlandu ndi wa yani. Anapezanso kuti palibe amene angatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba katundu asanakwere, ngakhale mtengo utatsika chotani, ndiponso kuti mlimi mmodzi kawirikawiri sadzaza galimoto, choncho wofunika kulankhula naye ndi mlembi wa kalabu amene amasonkhanitsa matumba a anthu khumi. Pamene anadzalengeza kuti zimene wakhala akuchitazo tsopano ndi bizinesi ndipo padzakhala kandalama kochepa pa ulendo uliwonse, anali atasiya maganizo okakamiza anthu kuika pulogalamu m'foni. Alimi anapitiriza kulemba pa nambala ya WhatsApp yomwe anaizolowera, ndipo pulogalamu ija inatsala kumbali yake, yomuthandiza iyeyo kusunga maulendo ndi kuwerengera. Ena anadandaula za kulipira, monga zimakhalira, koma amene anali atathandizidwa kale ndiwo anawayankha, iye asanalankhule.

Ena anganene kuti kuimbira madalaivala mmodzimmodzi si ntchito ya kampani ya luso lamakono, ndipo kuti njira yotero singafike patali. Singafikedi, koma pachiyambi sipafunika kufika patali. Eni ake a Airbnb, kampani imene lero imalumikiza apaulendo ndi eni nyumba m'mayiko ambiri, anayamba mu 2007 pogoneka alendo atatu pa matilesi opopa m'nyumba yawo ku San Francisco, ndipo mu 2009, malonda akuyenda pang'onopang'ono, anapita ku New York kukakumana ndi eni nyumba amene analembetsa, n'kumajambula okha zithunzi za zipindazo khomo ndi khomo. Ntchito ya manja yotereyi ndiyo imaonetsa mwini kampani chimene makina ayenera kudzachita pambuyo pake.

Za ife oyang'anira magulu ndinenepo mosabisa, popeza ndi ife amene timatsegula kapena kutseka khomo. Gulu la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo kulisunga kuti likhale lothandiza ndi ntchito yosalipidwa ya tsiku ndi tsiku, yochotsa mauthenga a ndale, kuletsa mikangano ndi kutulutsa akuba. Munthu amene walowa n'kuponya malonda ake osapempha amakhala akukolola pamene sanalime, ndipo amatipatsa ntchito yoyankha mafunso a anthu okayikira. Wanzeru amayamba walankhula ndi woyang'anira kumbali, ndipo mawu ake amakhala ngati awa: "Bambo, ndili ndi chinthu chimene ndikuganiza kuti chingathandize alimi a m'gulu mwanu, ndipo ndikupempha kuti muyambe mwachiona inuyo, mundiuze ngati n'choyenera." Wotero timamufunsa kwawo, timafufuza amene akumudziwa, ndipo tikakhutira timamudziwitsa tokha kwa anthu, zomwe zimalemera kuposa chilichonse chimene iye akanalemba. Pali oyang'anira ena amene amafuna kupatsidwa ya bandulo asanalole malonda. Sindikuona cholakwa kuti munthu alandire kanthu pa ntchito imene amagwira, koma akalandira anene poyera kuti uthengawu ndi wolipiridwa. Akabisa, tsiku limene kampaniyo idzakhumudwitse anthu, chikhulupiriro chimene chidzathe ndi cha gulu lonse, ndipo gulu lotero limasanduka malo otumizirana moni wa m'mawa basi.

Pali njira ina imene imatchulidwa m'nkhani za makampani a ku America imene sindigwirizana nayo. Amene anayambitsa Reddit, tsamba la pa intaneti lokambiranapo nkhani, mu 2005, Steve Huffman ndi Alexis Ohanian, anavomera pambuyo pake kuti masiku oyamba ankalemba nkhani pa tsamba lawo pogwiritsa ntchito mayina ambiri opeka, kuti wobwera aone ngati pali anthu. Kwa iwo zinayenda, ndipo achinyamata ena kuno amayesa zofanana, kulowetsa m'gulu nambala ziwiri kapena zitatu za abale awo kuti ziziyamikira pulogalamu ngati makasitomala okhutira. Pa Reddit anthu sankadziwana ndipo panalibe amene ankaika ndalama zake pangozi. M'gulu la alimi a boma limodzi, wina amafunsa woyamikirayo kuti ali mudzi uti ndipo anagulitsa kwa yani, wina amazindikira nambalayo kuti ndi ya mlamu wake wa mwini pulogalamu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ngati malo akuoneka opanda anthu, njira yoongoka ndi yakuti mwini wake awadzaze ndi zinthu zoona m'dzina lake lenileni, monga mitengo imene waifufuza yekha pamsika.

Nthawi zina gulu limakhalapo kampani isanaganiziridwe n'komwe, ndipo zotero ndizo zimayamba mwamphamvu. Ku Kenya, zipolowe zitabuka pambuyo pa chisankho cha mu December 2007, Ory Okolloh ankalemba pa intaneti zimene owerenga ake ankamutumizira kuchokera m'madera osiyanasiyana, mpaka mauthenga anamuchulukira. Anapempha ngati pali wodziwa makompyuta amene angaike malipotiwo pa mapu, ndipo m'masiku ochepa a mu January 2008 anzake ena anapanga pulogalamu yotero n'kuitcha Ushahidi. Anthu oyamba kuigwiritsa ntchito anali omwe aja ankamutumizira mauthenga kale, ndipo pofika 2010 inagwiritsidwa ntchito ku Haiti chivomezi chitachitika. Ife a ku Kasungu tili ndi chitsanzo chapafupi cha mphamvu ya kagulu kochepa, ngakhale kuti si cha kampani. William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo atasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo anakhala zaka zingapo akudziwika m'dera lake lokha. Nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu 2006, anthu ochepa okonda za luso amene ankalemba pa intaneti ndiwo anaitola nkhaniyo n'kumapatsirana, mpaka inafika kwa okonza TED, msonkhano wa anthu ofotokoza maganizo atsopano, umene unachitikira ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007. Owerenga nyuzipepala anali ambiri kuposa olembawo, koma olembawo ndiwo ankawerengedwa ndi anthu amene akanatha kuchitapo kanthu.

Tsopano za kuwerenga anthu, pamene achinyamata ambiri amadzinamiza. Wina amandionetsa tsamba lake la Facebook lokhala ndi otsatira masauzande, kapena gulu limene watsegula n'kulowetsamo aliyense wa m'foni mwake, n'kunena kuti awa ndi makasitomala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wodina chizindikiro chokonda sanalonjeze kanthu, ndipo Facebook siionetsa uthenga wa tsamba kwa otsatira onse pokhapokha mwini wake alipire, kulipira kwake kukhalanso kwa ndalama zakunja zimene zikusowa m'dziko muno, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira n'chaching'ono: kodi munthuyo wasunga nambala yanu m'foni mwake? Pa WhatsApp, uthenga wotumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi kudzera pa mndandanda umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumiza, ndipo zimene munthu waika pa status zimaonedwa ndi amene anasungirana naye nambala. Munthu amene wasunga nambala yanu, n'kubweranso kachiwiri popanda kukumbutsidwa, kenako n'kupereka nambalayo kwa mnzake, ameneyo ndiye woyamba weniweni. Anthu makumi awiri otero amaphunzitsa mwini kampani zambiri kuposa otsatira onse a patsamba.

Chizolowezi china choipa ndi chotola manambala a anthu m'gulu n'kumawalembera kumbali usiku ndi usana. Anthu anapereka manambala awo kuti azimva mitengo ya soya, ndipo kuwagwiritsa ntchito pa zina popanda chilolezo n'kuwalakwira. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndiponso la Data Protection Act la 2024, limene limateteza uthenga wokhudza munthu payekha, choncho woyambitsa kampani aliwerenge asanayambe kusonkhanitsa mayina ndi manambala. Ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, WhatsApp imatseka nambala imene anthu ambiri aidandaulira, ndipo kampani imene bizinesi yake yonse ili pa nambala imodzi imatha tsiku lomwelo.

Ndiyeneranso kunena za amene sapezeka m'magulu athuwa, chifukwa woyambitsa kampani akaiwala zimenezi amapanga chinthu cha anthu ochepa akuganiza kuti ndi cha onse. M'gulu la WhatsApp mumachuluka abambo, anthu a pafupi ndi malo ochitira malonda kumene netiweki imagwira, ndi amene ali ndi kotchajira foni. Amayi ambiri amene amalima mtedza, ndiponso alimi a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu National Park, ali ndi mafoni a mabatani kapena alibiretu. Komabe foni imodzi ya m'gulu imaimira anthu ambiri kuposa mwini wake. Mlimi wachitsanzo, mlangizi, mlembi wa banki mkhonde kapena wapampando wa kalabu ya NASFAM amawerenga uthenga n'kukaufotokoza pamsonkhano, ndipo mafunso a kumeneko amabwera nawo m'gulu tsiku lotsatira. Mtsikana wina amene ankapanga njira yosungira kaundula wa banki mkhonde pafoni anazindikira msanga kuti anthu ake oyamba ndi alembi okha, amene amavutika ndi masamu tsiku logawana ndalama kumapeto kwa chaka. Anawapeza kudzera m'gulu la amayi a mpingo wake, koma kuti amukhulupirire anayenera kukakhala nawo pamkeka tsiku la msonkhano, kope lawo lili pambali, n'kuonetsa kuti zimene foni yawerengera zikufanana ndi za m'kopemo. Intaneti inamufikitsa kwa anthuwo, ndipo zotsalazo anazichita ndi miyendo ndi kabaza.

Nthawi ya chaka nayo ili ndi mbali yake. M'gulu mwathu mauthenga amachuluka kuyambira mu April, pamene soya wayamba kulowa pamsika ndipo malonda a fodya atsegulidwa ku Chinkhoma, mpaka cha mu August. Imeneyo ndiyo nthawi imene anthu ali ndi ndalama ya bandulo ndiponso vuto la mayendedwe ndi mitengo lili pamaso pawo. Mu January ndi February anthu amakhala kumunda, m'matumba mulibe kanthu, ndipo ambiri amazimitsa intaneti. Wofuna kulengeza mu April ayenera kulowa m'gulu miyezi yovutayo, pamene mafunso amakhala a mbozi za m'chimanga ndi kumene kukupezeka feteleza wobereketsa, n'kumayankha zimene akuzidziwa. Wobwera pamene ndalama zayamba kuoneka amakhala mmodzi mwa ambiri, ndipo anthu amamuyang'ana monga amayang'anira aliyense wofika nthawi yokolola.

Mwini kampani akalowa m'gulu ndipo anthu ayamba kugwiritsa ntchito chinthu chake, madandaulo amabwera poyera, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera. Mlimi akalemba m'gulu kuti galimoto sinabwere ndipo soya wake wagona pamsewu, mwini kampani amafuna kuti nkhaniyo ipite kumbali kapena kuti ife tichotse uthengawo. Ine ndimakana, chifukwa anthu mazana amene sanalankhule akudikira kuona m'mene ayankhire. Akapepesa, n'kufotokoza chimene chachitika, n'kupeza galimoto ina tsiku lomwelo, amapindula kuposa m'mene akanapindulira ndi ulendo wopanda vuto. Akayamba kukangana kapena kukhala chete, ngakhale amene anamuyamikira dzulo amabwerera m'mbuyo.

Chomaliza chimene ndimawauza achinyamatawa n'chakuti gulu si lawo, ndipo ngakhale ife oliyang'anira si lathu. WhatsApp, imene Facebook inaigula mu 2014, imasintha malamulo ake pamene yafunira. Mu 2019 inachepetsa kutumiza uthenga wolandira kwa ena kufika pa malo asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2020 uthenga umene wazungulira kwambiri unayamba kutumizika kumalo amodzi okha. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6 padziko lonse, ndipo aliyense amene malonda ake anali m'menemo mokha anangokhala manja lende. Gulu lingathenso kutha chifukwa cha mkangano wa oyang'anira, kapena foni ya mwini kampani ingabedwe pa depoti. Choncho munthu aliyense amene wavomera kugwiritsa ntchito chinthucho alembedwe, mwa chilolezo chake, m'kaundula wa kampaniyo: dzina, mudzi, kalabu, mbewu imene amalima, ndi nambala ina yomupezera. Mnyamata wa magalimoto uja amasunga zimenezi pa kompyuta ndiponso m'kope lachikuto cholimba, ndipo masiku amene netiweki yavuta amatumiza ma SMS kwa alembi a makalabu kuti adziwe galimoto imene ikunyamuka mawa ndi malo amene atsalamo.